Chigoli cha Anatole ndi Nthungululu za Mayi

Mlongo wanga Anatole Nsoga anasewera mpira wolipidwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, m'matimu anayi, ndipo malaya a timu ya dziko lathu anawavalako kawiri. Koma funsani aliyense wa imvi kuno ku Edéa, adzakuuzani za masana amodzi okha, kenako n'kuyamba kuseka. Ine ndine Perpétue, woyamba kubadwa kwa Mayi athu, ndipo Anatole ndi mzime. Ndinamubereka mpaka msana kuwawa, choncho ndili ndi ufulu wonena zonse, zoseketsa ndi zosaseketsa zomwe.

Bambo anamwalira iye asanayambe sukulu. Mayi anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, ndipo ife ana asanu tinakula ndi phazi lawo lopalasa makinawo. Anatole anali mwana wosalankhula. Ukamutuma mchere ankabwera ndi mchere, osaonjezapo ngakhale kankhani kamodzi ka panjira. Thupi lokha ndilo linkafuula. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ankawerama polowa m'nyumba, ndipo nsapato yomukwana sinkapezeka pamsika wonse.

Mpira anayambira ku Tourbillon, timu yathu ya konkuno, yomwe bwalo lake limasanduka dambo mvula ikalimba. Anamuika kumbuyo kuti azitchinga, ndipo ankatchingadi. Ochemerera anamupatsa dzina loti Chitseko, poti mpira ukafika pa iye ulendo unkathera pomwepo. Vuto lake linali limodzi, chisoni. Akagwetsa munthu ankabwerera, kumudzutsa, kumusansa fumbi, n'kunena kuti, "Pepa, m'bale wanga." Mphunzitsi wa timu ankaponya chipewa pansi.

"Nsoga! Ukumupepesayo ndi mpongozi wako?"

"Wagwa moipa, aphunzitsi."

"Nanga tinakutuma kuti azigwa bwino?"

Patatha zaka zitatu timu ina yaikulu ya ku Douala inamutenga, ndipo anakhalako zaka zisanu. Anzake atayamba kuvala matcheni m'khosi ndi kusintha atsikana ngati masokosi, iye ankakhala m'kachipinda kamodzi ku New Bell. Masiku opuma ankakhala pakhomo ndi singano, akusoka makabudula ong'ambika a timu yonse. Kusokako anaphunzira pongoyang'ana Mayi. Khadi lofiira sanalionepo, koma chilango anachilandirapo kamodzi, ndipo ine ndinalipo tsikulo. Anawombana m'mwamba ndi mnyamata wa timu ina, mnyamatayo n'kugwa mwendo utapindika. Machira sankaoneka, anthu ankangozungulira. Anatole anamunyamula m'manja ngati khanda, anatuluka naye pachipata, anaimitsa takisi, n'kukwera naye limodzi mpaka kuchipatala, atavala nsapato zake za mpira zomwezo. Timu yake inali itasintha kale osewera onse ololedwa, choncho inamaliza ndi anthu khumi ndipo inagonja. Akuluakulu anamuimika masewero awiri. Nditamufunsa ngati sanaganize za timu, anandiyang'ana modabwa.

"Achemwali, munthu ankaitana amake."

Uthenga waukulu anabwera nawo amuna anga, a Bikai. Iwowa nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku fakitale ya zitsulo. Mpira sanaumenyepo chibadwire, koma amadziwa zimene mphunzitsi aliyense padziko lapansi analakwitsa. Linali Lachinayi masana, ine ndili pamalo anga a masiku onse, pamsewu waukulu pomwe mabasi a ku Douala ndi a ku Yaoundé amaima, ndikugulitsa nsomba zowamba ndi mintumba, chakudya chathu cha chinangwa chokulunga m'masamba. Ndinangoona bambo akuthamanga, chisoti cha kuntchito chili kumutu, wailesi ili m'manja.

"Amake Gisèle! Amutchula! Amutchula pa wailesi!"

"Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira, inunso! Alamu anga! Ali m'timu ya dziko! Atchula anyamata a ku France aja, kenako Nsoga Anatole, ndamva ndi makutu angawa!"

Nsomba ndinasiyira mnzanga, tonse liwiro kwa Mayi. Iwo anamvetsera phazi likupalasabe, kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye malaya omukwana ali nawo kumeneko?"

Anali masewero ongopimana mphamvu ndi timu ya dziko lina loyandikana nalo lathu, Lamlungu masana ku Yaoundé. Kwa ife inali nkhani ya moyo ndi imfa. Mayi anali asanalowepo m'bwalo lalikulu. Anavala kaba, diresi yawo yaikulu ya kutchalitchi, ya maluwa achikasu. Anaphika mbongo, msuzi wa nsomba wakuda bii monga Anatole amaukondera, n'kumanga mphikawo ndi nsalu. Ulendo wonse mphika unali pamiyendo pawo. Pachipata mlonda anatiimika.

"Mayi, mphika sulowa."

"Mwana wanga akusewera m'katimo."

"Ngakhale akhale woimbira, mphika sulowa."

"Ndiye akamaliza kukuthamangirani nonsenu adya chiyani? Udzu?"

Mphika unatsala kwa mayi wina wogulitsa mtedza kunja kwa mpanda, atalumbira pa ana ake kuti savundukula.

Tinapeza malo m'munsi, kumbuyo kwa golo limodzi. Chigawo choyamba Anatole anali pabenchi, ndipo athu anagoletsa chimodzi. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, wotchinga wina anayamba kutsimphina n'kutuluka. Tinaona chimunthu chikuvula jekete m'mbali mwa bwalo. A Bikai anandifinya dzanja mpaka mphete inandilowa m'chala. Kwa theka la ola mlongo wanga anasewera mpira umene sindinauonepo. Mipira yonse yam'mwamba inali yake. Bambo wina kumbuyo kwathu anafunsa, "Chimtengo chimenechi achitenga kuti?" A Bikai anatembenuka thupi lonse.

"Mlamu wanga ameneyo. Ndinamuphunzitsa ndine."

Kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, mnyamata wa alendo anathawa ndi mpira kumanzere, n'kuuponya pansipansi kutsogolo kwa golo lathu, lomwelo tinakhala kumbuyo kwake. Anatole anatambasula mwendo kuti auchotse. Mpira unagunda msongolo, unakhota, n'kudutsa goloboyi wathu yemwe anali atagwera kale mbali ina. Unalowa pang'onopang'ono, ngati mlendo wamanyazi.

Bwalo lonse linati zii. Kenako linaphulika. Mawu amene ndinamva tsiku limenelo sindingawabwereze, ndipo ena ankanena za Mayi omwe anali pambali pangawo. Mabotolo a madzi anayamba kugwera m'bwalo. Anatole anali chafufumimba paudzu, nkhope atabisa m'manja.

Pamenepo Mayi anaimirira. Anakonza mpango kumutu, anaika dzanja pakamwa, n'kuimba nthungululu. Osati kamodzi ayi. Nthungululu zazitali, za paukwati wa mwana woyamba.

"Wagoletsa! Mwana wanga wagoletsa! Ndinabala ndine ameneyo!"

"Mayi, khalani pansi," ndinawakoka kaba. "Wagoletsa kwathu komwe."

"Ndisiye iwe! Mpira walowa kapena sunalowe?"

A Bikai anali ataphimba nkhope ndi nyuzipepala. Bambo wa kumbuyo uja, yemwe anali atatukwana mpaka mitsempha kuonekera m'khosi, anayang'ana Mayi kukamwa kuli yasa, kenako anayamba kuseka. Kusekako kunagwira mnzake, kunayenda mzere ndi mzere, mpaka mbali yathu yonse anthu anagwira m'mimba. Wina anakuwa kuti, "Asiyeni amayi avine, ululu wake anaumva okha!" Ena anaomba m'manja. Mabotolo analeka kugwa. Ndinaona Anatole akudzutsa mutu n'kuyang'ana komwe tinali. Anaimirira, anabwerera pamalo pake, ndipo masewero anatha chimodzi kwa chimodzi.

Mbongo anaudya wozizira, kuseri kwa bwalo, atakhala pamwala dzuwa litapendeka. Mayi ankamuchotsera minga m'nsomba ngati kamwana, n'kumangoti, "Idya."

Nkhani inafika ku Edéa ife tisanafike. Dzina linatalika: tsopano anali Chitseko Chotsegukira M'kati. Makondakitala a mabasi anapeza chosewera nacho. "Achemwali a Chitseko, nsomba iyi ndikaidya ilowera golo liti?" Mmodzi ndinamumenya nayo nsombayo kumaso, ndipo mpaka lero sindinalape. Anatole mwini wake sanabwezerepo munthu mawu. Ana akamuimba panjira ankawapatsa moni. Ndinangoona kuti wasiya kubwera pa basi ya masana, ankafika m'mamawa anthu asanachuluke pamsewu. Tsiku lina ndinamupeza pakhonde la Mayi akupinda nsalu, mkati mwa sabata, anzake ali kokonzekera masewero.

"Mayi, ndikuganiza zosiya," anatero.

"Usiye uzitani?"

"Ndizikuthandizani kusoka."

"Makina ndi amodzi, ndipo mwini wake sanafe. Basi ya ku Douala inyamuka posachedwapa. Siya nsalu yangayo."

Anapita.

Anamuitananso kamodzi patatha miyezi inayi, kukasewera kutali, kudziko la mchenga. Masewerowo sanaonetsedwe pakanema, ndipo wailesi inangonena kuti palibe anagoletsa. Iye anasewera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Atabwerako anakhala pabenchi langa pamsewu, n'kulankhula mawu ambiri kuposa a chaka chonse.

"Achemwali, ndinasewera bwino. Wa nambala naini wawo sanaukhudze mpira pafupi ndi golo. Ngakhale kamodzi."

"Mboni ndani, alamu?" anafunsa a Bikai.

"Ngamila," anayankha Anatole, osaseka n'komwe.

Kenako kunabwera mphunzitsi wina ndi anthu ake, ndipo dzina la Nsoga silinamvekenso pa wailesi. Mbiri yake m'timu ya dziko ndi yomweyo: masewero awiri, amodzi amene aliyense anaona ndi ena amene sanaone munthu.

Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri kunabwera bambo wina wa chikwama, wopezera osewera matimu a kunja, n'kumuuza za Indonesia. Palibe ankadziwa komwe kuli. A Bikai ananena motsimikiza kuti ndi kuseri kwa India, kozizira koopsa, choncho Mayi anasoka chijasi chokhuthala masiku atatu. Kalata yoyamba inali ndi mizere itatu: "Ndafika bwino. Kuno kukutentha kuposa ku Douala. Chijasi ndikutsamira."

Anasewera zaka ziwiri pachilumba cha Java, kenako zisanu ndi chimodzi mumzinda wa Manado. Ankaimba foni Lamlungu lililonse tikangoweruka kutchalitchi. Nkhani zake zinali zochepa: nsomba ziliko, chinangwa chiliko, anthu ake ndi afupiafupi ndipo sachedwa kuseka. Zoti anamusankha kukhala kaputeni tinazimva mwangozi patatha chaka. Za ukwati anatiuza ngati munthu wonena za mvula. "Ndapeza munthu. Ali ndi malo odyera pafupi ndi bwalo. Ndikutumiza chithunzi."

Chaka chake chachinayi ku Manado, Mayi anayamba kutupa miyendo, mtima nawo n'kumavuta, ndipo tinawatengera kunyumba kwathu. Lamlungu lina foni inalira nthawi isanakwane. Kumbuyo kwa mawu ake kunali phokoso ngati msika ukupsa.

"Achemwali, apatseni Mayi."

Ndinaika foni pakhutu pawo, ine n'kuyandikiza mutu kuti ndimve nawo. Timu yake inkafunika kupambana tsiku limenelo kuti isatuluke mu ligi yaikulu. Mphindi yomaliza anapeza kona, iye anathamangira kutsogolo, anadumpha kuposa onse, n'kuumenya ndi mutu.

"Mayi, ndagoletsa."

Mayi anangofunsa funso limodzi.

"Mbali iti?"

Ndinamva mlongo wanga akuseka kutsidya kwa nyanja, kuseka kochokera m'mimba, komwe ndinali ndisanakumve chiyambire ali mwana.

"Mbali yawo, Mayi. Ya adani."

"Chabwino. Koma wachedwa nazo."

Foni itaduka ndinawayang'ana. "Mayi, ndiye kuti mumadziwa zoti pali mbali?"

"Perpétue, ukundiyesa chitsiru? Zaka zitatu ndinkatseka makina Loweruka masana n'kukuuzani kuti ndikupita ku kwaya. Kwaya yake inali pa bowo la mpanda wa Tourbillon. Malamulo onse ndimawadziwa, ngakhale aja amawasokoneza amuna akowo."

"Nanga ku Yaoundé kuja?"

"Anthu zikwizikwi akudya mwana wako wamoyo, iwe ungakhale phee ngati thumba la makala? Ndinati ngati akufuna munthu, atenge ine, nkhalamba yosadziwa kanthu. Munthu sangatukwane uku akuseka." Anatembenukira kukhoma. "Usamuuze."

Anamwalira chaka chotsatira mvula itangoyamba. Anatole anafika tsiku loika maliro, atavala suti yomufupikira manja. Titabwerako kumanda ndinaphwanya lonjezo, n'kumuuza zonse. Mulungu andikhululukire, zinandikanika kusunga. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti, "Mayi aja!" Anapita kuseri kwa nyumba komwe kuli mgolo wa madzi, ndipo anasukusula nthawi yaitali kwambiri.

Bondo ndilo linathetsa mpira wake, ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Anabwerera kuno ndi zikwama ziwiri, mkazi wake Meiske, ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu. Mwanayo anamutcha Odile, dzina la Mayi, choncho mpaka lero chimunthu chonsecho chimaitana kamtsikana kuti "Mayi", ndipo kakalamula chimamvera.

Ndivomere, Meiske sindinamulandire ndi manja awiri. Kamkazi kake kofika Anatole pachifuwa, kolankhula motsitsa, ndinkati katha mwezi umodzi n'kuyamba kulirira kwawo. Tsiku lachiwiri ndinaphika nsomba n'kuthira tsabola wambiri mwadala, woti a Bikai anavula malaya ali pakati pa kudya. Meiske anadya mwakachetechete, anamaliza, kenako anafunsa mwamuna wake kanthu m'chilankhulo chawo.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti zakoma, achemwali. Koma akufunsa ngati tsabola anakutherani."

Kuyambira tsiku limenelo ndi mng'ono wanga. Anaika mbaula yake pambali pa tebulo langa pamsewu, ndipo nsomba zake zootcha zimatha zanga zisanafike theka. Chilankhulo chathu anachigwira msanga, mpaka kumakalipira nacho makondakitala.

Anatole anatenga makina a Mayi, anawathira mafuta, n'kukhala pakhonde lomwe lija. Amasoka yunifomu za matimu a masukulu ndi a m'makwalalamu, manambala kumsana ali mwadongosolo ngati osindikiza. Za ku Indonesia sankakamba. Meiske akanena kuti kwawo mwamuna wake sankadutsa pamsika anthu osamuimitsa, amayi anzathu ankagwedeza mitu mwaulemu, iye akatembenuka n'kumatsinana. A Bikai ankati chikondi ndi matenda a maso.

Zinakhala choncho zaka zisanu ndi ziwiri. Ndiye Loweruka lina m'mawa basi ya ku Douala inatsitsa amuna anayi achilendo, afupiafupi, mmodzi atapanira nsalu yopindapinda m'khwapa. Ankayenda uku ndi uku akuonetsa anthu foni. Kondakitala ndinamumenya ndi nsomba uja, yemwe tsopano ndi dalaivala wa mimba yake, anandikuwira pawindo.

"Achemwali a Chitseko, alendo anu awa!"

Pafonipo panali chithunzi cha mlongo wanga, anthu asanu ndi atatu atamunyamula m'mwamba movutikira, ena mazanamazana akutambasula manja kuti amukhudze. Alendowo anali amalinyero a sitima ina yomwe inkadikira katundu padoko la Douala, ndipo kwawo kunali ku Manado. Mmodzi anakumbukira kuti kaputeni wa timu yawo ankati kwawo ndi ku Edéa. Atamva kuti ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka, anapempha tsiku kwa abwana awo.

Meiske anali atawerama akutembenuza nsomba. Mlendo wina analankhula kwa mnzake, ndipo iye anawongoka ngati walumidwa ndi mavu. Anayankha mawu awiri kapena atatu. Amuna anayiwo anatembenuka nthawi imodzi, ndipo panabuka phokoso limene sindinatolepo liwu ngakhale limodzi, koma ndinalimva lonse.

Tinawaperekeza kukhonde, theka la msika likutitsatira. Anatole anali ndi tepi m'khosi, mapini kukamwa. Atamuona anaima pamzere, anatambasula nsalu ija, yomwe inali mbendera yakale ya timu, n'kuyamba nyimbo yokhala ndi dzina lake m'kati. Nsoga ankalitchula mokhota, koma linali lomwelo. Wamkulu mwa iwo, bambo wa imvi zake, anagwira dzanja la mlongo wanga n'kuliika pachipumi, misozi ili chuchuchu. Meiske anandimasulira kuti tsiku la kona lija bamboyo anali m'bwalo pamodzi ndi bambo ake, omwe tsopano anamwalira, ndipo mwana wake wachiwiri dzina lake ndi Anatol.

Ndiye mlongo wanga, munthu wa mawu owerengeka uja, analavula mapini, anatsegula pakamwa m'chilankhulo chawo, ndipo sanatsekenso. Ankaseka, ankakuwa, ankaonetsa ndi manja, ankawadula anzakewo mawu. Ndinakodola Meiske.

"Kodi ameneyu ndi yemwe uja?"

"Kwathu ndi wolongolola, achemwali. M'basi ya timu ankachita kumuletsa kuti anzake agone."

A Bikai anaonerera zonsezi manja ali kumbuyo. Kenako anakonza kolala, anapita kukagwira alendo chanza mmodzimmodzi, n'kutembenukira kwa Anatole.

"Auzeni, alamu, kuti amene anakulangizani zopita kumeneko ndine."

Alendo anadya kwathu. Meiske anaphika zakwawo, akulankhula osapuma, akufunsa za misewu, za tchalitchi chake, za mlatho wina umene anausiya akumanga. Basi ya folo koloko itawatenga, ndinamupeza kuseri kwa nyumba atakhala pamtondo, mbale zili zosatsuka, akulira mosatulutsa mawu. Zaka zonsezo sanadandaulepo, ndipo ife, poti ankaseka nafe ndi kudya zathu, tinkayesa kuti palibe chimene akusowa. Amayi ake anali akadali moyo, okalamba kwambiri, ndipo Odile anali atawaiwala nkhope. Ndinachita manyazi. Manyaziwo ndinapita nawo kukhonde, n'kumuimirira Anatole kutsogolo.

"Iwe, chimutu chimenechi ntchito yake inali kumenya mpira basi?"

"Ndalakwanji, achemwali?"

"Mkazi wako ali ndi amake. Kapena umayesa kuti amayi anali athu okha?"

Anasiya kupalasa. Anayang'ana nsalu yomwe inali pansi pa singano.

"Sanandiuze."

"Nanga iwe umauza ndani zako?"

Mawa lake anapita kusukulu zonse za m'tauni muno mpaka za ku Pouma kukafunsa ngati zikufuna yunifomu. Anasoka miyezi isanu ndi itatu osapuma ngakhale Loweruka, anagulitsa njinga yake yamoto, ndipo sukulu zitatseka ananyamuka onse atatu ulendo wa ku Manado. Ine ndinatsala ndi mbaula ya Meiske ndi makasitomala ake, omwe tsiku lililonse ankandiuza mosabisa kuti dzanja langa silofanana ndi lake.

Anakhalako miyezi iwiri ndi theka. Agogowo akuti atamuona Odile anamugwira nkhope ndi manja onse awiri, n'kukana kumusiya mpaka chakudya chinazizira. Anagwirizana kuti malinga akadali moyo azipitako chaka chachitatu chilichonse, ndipo Anatole wayamba kale kuphunzitsa mayi wina wa kutchalitchi kwathu kusoka kuti khonde lisamatsekedwe.

Pobwera Meiske ananditulutsira nsalu m'chikwama, ya buluu ndi mbalame zoyera, yochokera kwa amayi ake. Akuti anati, "Ukampatse mkulu wako amene amakusunga kumeneko." Ndinapita nayo kwa Anatole kuti andisokere diresi. Anandiyeza m'chiuno, anayang'ana tepi, anayezanso, n'kunena kuti nsaluyo ingakwane ngati nditasiya mintumba mwezi umodzi. Ndinamulanda tepiyo n'kumukwapula nayo pamsana, anthu akuona. Mintumba sindinasiye, ndipo diresi inakwana. Ndimaivala pa maubatizo ndi pa maukwati.